Opaleshoni ya m'chifuwa: zimene zimatheka ku Blantyre ndi zimene zimatitumiza ku India

Pakamveka pa wayilesi kapena pa Facebook kuti banja lina likupempha akufuna kwabwino kuti athandize mwana wawo kupita ku India kukachitidwa opaleshoni ya mtima, ambirife timaganiza kuti kuno kwathu chifuwa cha munthu sichitsegulidwa n'komwe. Sizili choncho. Pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene tonse timangoti ku Queens, madokotala amalowa m'chifuwa: amachotsa magazi a ovulala pangozi, amakokolola mafinya, amatulutsa zinthu zimene zatsamwitsa ana. Chimene tinakhala tikuchisowa kwa zaka zambiri ndi mtundu umodzi wa opaleshoni, uja wofuna kuti mtima uyambe waimitsidwa, makina n'kumagwira ntchito m'malo mwake. Ziwirizi tiyenera kuzisiyanitsa, chifukwa odwala ambiri a m'chifuwa safunika kukwera ndege. Chimene chimawapulumutsa kapena kuwataya ndi nthawi imene afikira kuchipatala.

M'kati mwa nthiti muli mtima, mapapo awiri, mitsempha ikuluikulu ya magazi, njira ya mpweya ndi njira ya chakudya yotsikira m'mimba. Phapo la kumanja lili ndi zigawo 3, la kumanzere 2 poti limasiyira malo mtima. Phapo silinamatidwe ku nthiti. Pakati pake pali kampata kochepetsetsa kokhala ndi timadzi toterera, ndipo phapo limakhala lotambasuka chifukwa m'kampatamo mulibe mpweya. Mukangolowa mpweya, magazi, madzi kapena mafinya, phapo limaphwa, munthu n'kuyamba kubanika. Ntchito yambiri ya madokotala a m'chifuwa yagona pa kampata kameneka.

Amene anakhalapo gadiyani mu wodi ya ochitidwa opaleshoni akulidziwa botolo lija lokhala pansi pa bedi. Paipi yapulasitiki imalowetsedwa pakati pa nthiti, cha m'munsi mwa khwapa, n'kusokereredwa pakhungu. Nsonga ina ya paipiyo imamira m'madzi a m'botolo. Wodwala akatsokomola, m'madzimo mumatuluka thovu, ndipo umenewo ndi mpweya umene unatsekeredwa m'chifuwa. Akamapuma, madzi a mupaipi amakwera ndi kutsika. Akasiya kusewera, namwino amadziwa kuti mwina paipi yatsekeka kapena phapo ladzadza bwinobwino. Madzi a m'botolo amalola zoipa kutuluka koma salola mpweya kubwerera. N'chifukwa chake anamwino satopa kubwereza mawu omwewo: "Mayi, bambowa akamapita kubafa botololi muzilinyamulira m'munsi, lisafike pachifuwa pawo. Likagwa mutiitane msanga." Likakwezedwa, zonse zimene zinatuluka zimabwerera m'kati.

Paipi imeneyi yapulumutsa anthu ambiri kuposa mpeni. Mwa ovulala pachifuwa, kaya pangozi ya minibasi, ya kabaza wa njinga yamoto kapena pobayidwa, ambiri amachira ndi paipi yokha, mankhwala opha ululu ndi kulimbikitsidwa kupuma mozama. Ochepa okha, amene magazi akupitirira kutuluka kapena mtima wabooka, ndiwo amathamangitsidwira ku fiyeta kukatsegulidwa. Ndipo paipi safunika katswiri wa mtima kuti aiike. M'zipatala za m'maboma monga Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Chikwawa, ma clinical officer amaigwira ntchitoyi. Blantyre yekha ali ndi vuto lakelake: alibe chipatala cha boma chapakati monga maboma ena, choncho wodwala wa ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa kapena Chilomoni akalephereka pa health centre amalunjika ku Queens, kukapezana ndi otumizidwa kuchokera m'chigawo chonse cha kumwera. Chipatalachi chinatsegulidwa mu 1958, mzinda uli waung'ono kwambiri kuyerekeza ndi lero.

Mafinya, TB ndi zipsera zake

Apa ndipo nkhani ya nthawi imaonekera poyera. Mwana kapena wamkulu akadwala chibayo n'kusalandira mankhwala oyenera, m'kampata kaja mumayamba kusonkhana madzi. Masiku oyamba madziwo amakhala opepuka, paipi imawatulutsa onse. Pakapita masiku amakhuthala, amasanduka mafinya, amagawikana m'timatumba tambirimbiri moti paipi imodzi singafike monse. Pakadutsa milungu ingapo, pamwamba pa phapo pamamera chikhungu cholimba chimene chimalimanga kuti lisatambasuke ngakhale mafinya atachotsedwa. Zikafika pamenepa, dokotala amayenera kutsegula pakati pa nthiti n'kusenda chikhungucho pang'onopang'ono, opaleshoni yotaya magazi ambiri. Nthenda ndi imodzi yomweyo, koma wofika sabata yoyamba amabwerera kwawo ndi kabala kakang'ono, pamene wofika patatha miyezi iwiri amagona m'chipatala nthawi yaitali.

Chifuwa chachikulu nacho chimasiya ntchito kumbuyo. Timakondwera munthu akamaliza mankhwala a miyezi 6 n'kuuzidwa kuti wachira, ndipo n'zoona kachilombo kamakhala kafa. Koma kwa ena phapo limatsala ndi mphako ndi tinjira ta mpweya totanuka, momwe makhololo amakhazikika. M'mphako zina mumamera nkhungu yomwe imaundana n'kumanyula timitsempha, munthu n'kumatsokomola magazi. Anthu otere nthawi zina amabwerezedwa mankhwala a TB pamene vuto lawo ndi chipsera. Ngati kuwonongekako kuli mbali imodzi, kuchotsa chigawo chimodzi cha phapo, kapena phapo lonse, kumatha kumuchiritsa munthu. Munthu amakhala ndi moyo ndi phapo limodzi, bola lotsalalo likhale lamphamvu, ndipo n'chifukwa chake asanadule amamuuziritsa mpweya m'kachipangizo koyezera mphamvu ya mapapo ndi kumujambula ndi CT scan.

Mtima nawo uli ndi kathumba kake koukuta. M'maiko athu ano, madzi akadzadza m'kathumbamo, kawirikawiri gwero lake limakhala TB, makamaka kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV. Madziwo akachuluka amafinya mtima, ndipo amatulutsidwa ndi singano kapena pocheka kabowo pansi pa fupa la pachifuwa. Kwa ena kathumbako kamadzauma n'kulimba pakapita miyezi kapena zaka, mtima n'kumalephera kudzadza magazi. Miyendo imatupa, mimba imadzadza madzi, mitsempha ya m'khosi imaima, ndipo n'zosavuta kuganiza kuti ndi nthenda ya chiwindi. Mankhwala ake enieni ndi kusenda kathumbako. Iyi ndi opaleshoni ya pamtima penipeni, komabe nthawi zambiri imatheka mtima ukugunda, popanda makina.

Njira ya chakudya ndiitchule mwachidule ngakhale ndi nkhani yowawa. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Imayamba ndi nyama kukakamira, kenako nsima, kenako phala, pomaliza ngakhale madzi. Ambiri amafika itafalikira kale moti kudula sikungathandize, ndipo chimene madokotala amachita ndi kulowetsa kapaipi kachitsulo kotanuka kotsegula njira kuti munthu azimeza. Munthu wamkulu akayamba kumva chakudya chikuima pachifuwa, ngakhale kulibe ululu, asadikire kuti aonde.

Kwa ana zinthu zinasinthako mu 2017 pamene pa Queens panatsegulidwa Mercy James Centre, chipatala cha maopaleshoni a ana chokhala ndi chipinda chawochawo cha odwala mwakayakaya. Mwana amene mtedza, nyemba kapena kachivindikiro ka cholembera kalowa m'njira ya mpweya amagonekedwa tulo n'kuchotsedwa chinthucho ndi chipangizo cholowera pakamwa. Khanda lobadwa njira ya chakudya isanalumikizane limatsegulidwa chifuwa n'kulumikizidwa. Palinso kamtsempha kolumikiza mitsempha iwiri ikuluikulu, kamene kamayenera kutsekeka kokha mwana akangobadwa. Kakakana kutsekeka, kamatha kumangidwa kudzera m'mbali mwa chifuwa mtima ukugunda.

Pamene mtima uyenera kuima

Vuto likakhala m'kati mwa mtima, monga bowo pakati pa zipinda zake kapena vavu (kachitseko koongolera magazi mu mtima) yowonongeka, dokotala sangasoke m'chiwalo chodzadza magazi komanso chikugunda. Njira inapezeka pa 6 May 1953 ku Philadelphia, pamene John Gibbon anatseka bowo mu mtima wa mtsikana wa zaka 18 pogwiritsa ntchito makina olowa m'malo mwa mtima ndi mapapo. Mpaka lero nzeru yake ndi yomweyo.

Fupa la pakati pa chifuwa limadulidwa chotsika. Wodwala amapatsidwa heparin kuti magazi asaundane. Mapaipi amatenga magazi asanalowe mu mtima n'kuwapititsa m'makina, mmene amalandira mpweya wabwino, kenako n'kupopedwa kubwerera mu mtsempha waukulu wa thupi. Dokotala amapana mtsempha umenewu pafupi ndi mtima n'kuthira mankhwala ozizira okhala ndi potaziyamu, ndipo mtima umaima zii. Kwa ola limodzi kapena awiri, moyo wa munthu umakhala m'manja mwa katswiri woyendetsa makinawo. Ntchito ikatha, chopanira chimachotsedwa, magazi ofunda amalowanso mu mnofu wa mtima, ndipo kawirikawiri umayambanso wokha kugunda. Heparin amafafanizidwa ndi mankhwala ena, fupa limamangidwa ndi mawaya, wodwala n'kupita ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya, ali pa makina opumira.

Mukaiona chonchi mumvetsa chifukwa chake kukhala ndi dokotala mmodzi waluso sikukwanira. Pamafunika wogonetsa tulo wodziwa za mtima, woyendetsa makina, anamwino a ICU oyang'anira wodwala mmodzi usana ndi usiku, labu yotulutsa zotsatira pa mphindi zochepa ngakhale pakati pa usiku, magetsi osathima, okosijeni wosadukiza ndi magazi okwanira. Zipangizo zambiri za pa makina zimagwiritsidwa ntchito kamodzi n'kutayidwa, ndipo zonse zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene dziko lathu limazisowa kawirikawiri. Magazi nawo ndi nkhani: a Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana asukulu, ndipo sukulu zikatsekera magazi amachepa. Gulu lotere limafunikanso kugwira ntchitoyi mowirikiza, chifukwa manja ochita opaleshoni ya mtima mwa apo ndi apo sakhwima.

Mtima woyamba kuikidwa mwa munthu wina unaikidwa mu Africa muno, pa 3 December 1967, ndi Christiaan Barnard pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town. Patatha zaka 50, madokotala a mtima anakumananso mumzinda womwewo n'kugwirizana chikalata chopempha dziko lapansi kuti lichitepo kanthu, poti anthu ambiri a m'maiko osauka anali asanafikidwebe ndi opaleshoni ya mtima. Anzathu oyandikana nawo anayambapo: ku Dar es Salaam kuli Jakaya Kikwete Cardiac Institute, ku Maputo kuli Instituto do Coração. Kuno boma limatumiza odwala kunja, makamaka ku India, kudzera m'komiti ya Unduna wa Zaumoyo, ndipo mndandanda wa odikira umakhala wautali kuposa ndalama zomwe zilipo.

Kudikirako kuli ndi malire amene makolo ambiri sauzidwa momveka. Pafupifupi mwana mmodzi mwa 100 alionse amabadwa ndi vuto la mtima. Ena mabowo awo ndi aang'ono ndipo amatsekeka okha. Koma bowo lalikulu limakankhira magazi ochuluka m'mapapo, ndipo pakapita zaka mitsempha ya m'mapapo imalimba osabwereranso mwakale. Zikatero, kutseka bowo kumakhala koopsa kuposa kulisiya. Mwana amene akanachira kotheratu ali ndi chaka chimodzi akhoza kukanidwa opaleshoni ali ndi zaka 8, ngakhale ndalama zitapezeka. Khanda lotuluka thukuta poyamwa, lopuma mofulumira, losakwera sikelo, lodwaladwala chibayo kapena lodera milomo liyenera kujambulidwa mtima msanga.

Zilonda zapakhosi

Ku Ulaya ndi ku America, ambiri ochitidwa opaleshoni ya mtima ndi achikulire amene mitsempha yawo yatsekeka ndi mafuta. Kwathu kuno ambiri ofuna opaleshoniyi ndi ana asukulu, achinyamata ndi amayi a msinkhu wobereka, ndipo nthenda yawo inayambira pakhosi. Imatchedwa rheumatic heart disease. Pa dziko lonse ili ndi anthu oposa 40 miliyoni, ndipo mu 2018 msonkhano waukulu wa World Health Organization unagwirizana zoti maiko alimbane nayo.

Zilonda zapakhosi zambiri zimatha zokha. Koma zina zimabwera ndi kachilombo ka streptococcus: mwana amatentha thupi, kumeza kumawawa, m'khosi mumatuluka mwanabere, koma chifuwa ndi chimfine palibe. Mwa ana ena, makamaka a zaka 5 mpaka 15, asilikali a m'thupi polimbana ndi kachilomboka amasokonezeka n'kuyamba kuluma thupi lomwe. Pakapita milungu iwiri kapena itatu, bondo limatupa n'kuwawa, mawa lake ululu wasamukira ku kakolo, mkuja pa chigongono. Ena manja amangogwedezeka okha, kulemba kumasokonekera, aphunzitsi n'kumayesa mwano. Mafupa amachira. Chimene chimatsala ndi bala pa mavavu a mtima, ndipo nthendayi ikabweranso kachiwiri ndi kachitatu balalo limakula. Imakonda kumene anthu amagona mothithikana, ndipo nyumba zotere m'Blantyre sitichita kuzifunafuna.

Mavavu alipo 4, ndipo ntchito yawo ndi kuonetsetsa kuti magazi akupita mbali imodzi. Amene anaona mjigo utatha labala amadziwa: mumapopa mpaka thukuta koma madzi amangodontha. Vavu ya mitral, ya kumanzere, ndiyo imagwidwa kwambiri. Imatha kuchucha, magazi n'kumabwerera, kapena kuuma n'kuchepa, magazi n'kumaunjikana m'mapapo. Munthu amayamba phuma pokwera chitunda, kenako potunga madzi, kenako sagona chagada. Atsikana ambiri amadziwika koyamba ali oyembekezera, poti pathupi pamachulukitsa magazi amene mtima uyenera kupopa.

Chimene chimandipweteka pa nthenda imeneyi n'chakuti mankhwala ake ndi akale komanso otchipa. Zilonda za streptococcus zimatha ndi jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin kapena mapilitsi a masiku 10. Mwana amene wagwidwa kale amatetezedwa ndi jakisoni yemweyo milungu 4 iliyonse, ena milungu 3, kwa zaka zambiri, ndipo amene vavu yawonongeka kwambiri amabayidwa mpaka ukulu. Jakisoniyu ndi wowawa, wamankhwala okhuthala, ndipo mwana amene akudzimva bwino saona chifukwa chake. Mukatsegula buku la kuchipatala la mwana wotere mumaona mzere wa madeti, mwezi ndi mwezi, kenako mpata wa miyezi itatu: mwina inali nthawi ya mayeso, mwina ndalama ya minibasi inasowa, mwina mankhwala anali atatha. M'mipata imeneyi ndi mmene vavu imawonongekera. Namwino wabwino sakalipa, amangoti, "Agogo, ngakhale mdzukuluyu akusewera mpira, jakisoni asadumphe. Amene akumuseweretsa mpirayo ndi jakisoniyu."

Ena amafunsa kuti, poti ndalama n'zochepa, tisankhe chiti: kupewa kapena opaleshoni? Ine ndimaona kuti funsoli limatisocheretsa. Penicillin sangawongole vavu imene yauma kale, ndipo achinyamata amene ali nayo lero sitingawauze kuti anabadwa msanga. Komanso chipatala cha mtima chopanda kaundula wa odwala, chopanda anthu ojambula mtima m'maboma ndi chopanda penicillin wodalirika chizingolandira anthu ofika mochedwa. Maziko ophunzitsira alipo. College of Medicine inayamba mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mu Kamuzu University of Health Sciences. Madokotala a opaleshoni amaphunziranso kudzera ku COSECSA, koleji ya maiko a kummawa, pakati ndi kumwera kwa Africa. Komabe chiwerengero n'chochepa kwambiri: akatswiri a Lancet Commission mu 2015 anati dziko lizikhala ndi madokotala 20 a opaleshoni, ogonetsa tulo ndi a amayi oyembekezera pa anthu 100,000 alionse, ndipo ife tili kutali zedi ndi pamenepo.

Akabwerako ku opaleshoni

Achibale amalandira munthu pa bwalo la ndege la Chileka ndi nyimbo, ndipo m'pake. Koma vavu yatsopano imabwera ndi malamulo ake. Ngati dokotala anakwanitsa kukonza vavu yachibadwa, imeneyo ndiyo njira yabwino kwa wachinyamata. Zikakanika, pali mitundu iwiri. Vavu yopangidwa kuchokera ku nkhumba kapena ng'ombe sifuna mankhwala osungunula magazi moyo wonse, koma imatha, ndipo mwa achinyamata imatha msanga, kutanthauza opaleshoni ina mtsogolo. Vavu yochita kupanga, imene ambiri amati yachitsulo, imakhalitsa, ndipo m'chipinda mukakhala bata imamveka kuti tiki, tiki. Koma magazi amakonda kuundana pa iyo, choncho mwini wake amamwa warfarin, mankhwala osungunula magazi, tsiku lililonse mpaka kalekale.

Warfarin ndi mankhwala ofuna kuwayang'anira. Akachepa, vavu imatsekeka kapena kachibuluma ka magazi kamapita ku ubongo, munthu n'kufa ziwalo. Akachuluka, magazi amatuluka m'nkhama, m'mphuno, mumkodzo, ngakhale m'mutu. Muyezo wake umadziwika poyezetsa magazi, kuyeza kotchedwa INR, ndipo kwa vavu yochita kupanga ya mitral madokotala amafuna nambala ikhale pakati pa 2.5 ndi 3.5. Wa ku Chilobwe angathe kufika ku Queens m'mawa n'kubwerera masana. Wa ku Nsanje kapena Phalombe ulendo womwewo umamudyera tsiku ndi ndalama, mwezi ndi mwezi, ndipo nkhani imeneyi iyenera kukambidwa vavu isanasankhidwe.

Ndiwo zamasamba monga bonongwe, mpiru, nkhwani ndi chisoso zimachepetsa mphamvu ya warfarin. Sikuti munthu asiye kudya, ayi, koma azidya mlingo wofanana, osati mphika wonse dzinja n'kusiyiratu chilimwe. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, amafooketsa warfarin kwambiri, ndipo mankhwala ena opha tizilombo amamuwonjezera mphamvu. Azitsamba sadziwika mlingo wake, choncho ndi oopsa kwa munthu wotere. Kwa mtsikana pali nkhani ina yaikulu: warfarin amatha kuvulaza mwana m'mimba, makamaka miyezi itatu yoyamba, koma kumusiya mwachisawawa kumaika moyo wa mayi pachiswe. Pathupi pa mayi wa vavu yochita kupanga payenera kukonzekeredwa limodzi ndi madokotala pasanakhale, ndipo mwamuna wake ndi apongozi ayenera kuimva nkhaniyi kuchokera kwa dokotala yemwe.

Fupa la pachifuwa limatenga milungu 6 mpaka 12 kuti ligwirane, ndipo nthawi imeneyi khasu, ndowa yamadzi ndi kubereka mwana zimayamba zadikira. Amene vavu yake inawonongeka ndi rheumatic heart disease amapitiriza jakisoni wa penicillin ngakhale atachitidwa opaleshoni, poti mavavu otsalawo akhoza kugwidwabe. Mano ovunda ndi nkhama zotupa ndi khomo la tizilombo tokakhazikika pa vavu, choncho dokotala wa mano aziuzidwa asanazule dzino. Ndipo munthu wa vavu yoikidwa akatentha thupi masiku angapo, malungo atayezedwa n'kusapezeka, asagule mapilitsi pa golosale. Apite kuchipatala ndi mapepala ake onse a opaleshoni, akatengedwe magazi oyeza tizilombo asanayambe kumwa mankhwala alionse.